Nkhosa mu Nsawa

Zotsatira zinafika Lachinayi, malaiti atangoyaka:
maina zikwi zitatu ndi kakuti,
ondondozana pakompyuta ngati kaundula wa olandira fetereza.
Onsewo mapulotini a nsawa zathu za ku Msekera,
zimene ndinasenda ndekha, kusinja, kuthira m'timabotolo
n'kukweza basi ya m'bandakucha ya ku Lusaka
zitafunditsidwa ayezi ngati nsomba.

A Shawa anawomba m'manja kamodzi.
"Tikambenji, tapeza! Taona mzere wa makumi anayi ndi ziwiri.
Ili mu nsawa zopirira chilala, mwinamo mulibe.
Pepala lipite mwezi usanathe."

Ine ndinatsetsereka ndi chala mpaka pansi,
kumene maso otopa safika.
Ndinapezako khungu la munthu. Langa.
Pansi pake, ubweya wa nkhosa.

Nkhosa mu nsawa!
Ndinakumbuka Juni, chisanu chotsika m'phiri la Kanjala,
ndi juzi yofiira ya salaula
imene ndinakana kuvula tsiku losinja.
Makina alibe manyazi ndi munthu,
chimene chagweramo amachitchula dzina.

Ndinatsegula buku langa la chikuto chothimbirira.
Zopirira chilala ndinasinja Lolemba.
Zinazo Lachisanu,
filiji itagona maola khumi ndi limodzi yopanda moto,
ikuchucha thukuta pasimenti.
Tsono mzere umene ukutivinitsawu
ukukamba za chilala,
kapena ukukamba za magetsi?

"Ndalama za ntchito zitha mu Seputembala,"
anatero a Shawa, akupukuta magalasi oyera kale.
"Akutsidya adzadziwa bwanji za filiji yathu?"
Ndinati: masiku ano safuna ufa wokha, bwana,
amafuna ndi gaga yemwe,
zonse zimene makina analavula, zosapeta,
kuti wina ku dziko lina asinjenso yekha.
Ndipo ngakhale akanapanda kufunsa,
mai Enelesi a ku Chipangali adzagula mbeu
chifukwa cha mawu athu.
Ku Kapata ndimakana sikelo yogonedwa chala.
Yathuyi ndiikhulupirire chifukwa yavala khoti loyera?

Sanayankhe. Anatseka chitseko pang'onopang'ono,
kumene kumapweteka kuposa kumenyetsa.

Tinayambiranso.
Mtundu uliwonse katatu, tsiku limodzi, mtondo umodzi,
timabotolo tosakaniza ngati makhadi
kuti makina asadziwe wokondedwa wathu ndani.
Ndi kabotolo kena kopanda kanthu,
kamboni kosalankhula,
koti kakabwera ndi maina, tidziwe kuti fumbi latilowera.
Ndinamanga tsitsi, ndinavala magolovesi awiriawiri,
mano akugundana mpaka dzuwa litakwera.

Milungu isanu ndi umodzi.
Basi inafera ku Nyimba, ayezi anapirira.

Titasefa ndi sefa yolola bodza limodzi lokha pa maina zana,
zikwi zitatu zija zinafota,
zinatsala chikwi ndi mazana asanu ndi atatu.
Mzere wathu unaoneka kawiri.
Kachitatu unangosuzumira ngati mlendo wosokera khomo.
Tinalemba momwemo: kawiri, kachitatu pang'ono,
sitinganene zambiri mpaka dzinja lina.

Pepala linachepa thupi.
Mutu wake sungaimitse munthu panjira.
A Shawa sanandipatse moni sabata yathunthu,
koma Lachiwiri ndinapeza pepalalo patebulo panga
ndi mzere wowonjezera, wa cholembera chawo chobiriwira:
tsiku, maola a mdima, kutentha kwa filiji,
ndi pamene zoyamba zija, za nkhosa, zasungidwa
kuti ofuna kuseka aseke, ofuna kufufuza afufuze.

Sindidziwa ngati adzalilandira.
Mvula yoyamba yanunkhira kale ku Mwami.
Juzi ija ili pamsomali, kunja kwa chitseko,
ndimaivala pokhapokha ndikaweruka.